Model yolosera moyo wa magalimoto ikuti yopita ku galaja kawirikawiri ndiyo imakhalitsa

Chisomo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kampani yathu imagulitsa magalimoto ochokera ku Japan pa ngongole ya miyezi 24, ambiri kwa madalaivala a taxi muno mu Lusaka. Abwana akufuna kuti tisanapereke makiyi tizidziwa ngati galimotoyo idzafika mwezi wa 24 ikuyenda, chifukwa ikafera panjira dalaivala amasiya kulipira. M'kompyuta muli magalimoto 1,900 kuyambira 2017, ndipo 260 analembedwa kuti "yatha". Ndinatenga 260 amenewo, poti ndi okhawo amene tikudziwa kutalika kwa moyo wawo, n'kuphunzitsa XGBoost, pulogalamu yophunzira kulosera kuchokera pa deta, kuti izilosera miyezi. Ndinaipatsa chaka, mtundu, makilomita, grade ya ku auction, mtengo, dera la dalaivala ndi kuchuluka kwa maulendo a ku galaja. Poyesa, R², muyezo wa kulondola kwa model umene supitirira 1, yafika 0.91. Koma ndikaipatsa galimoto yongofika kumene ikungoti miyezi 11, 13, 14, pafupifupi iliyonse, chonsecho pali ma Axio amene tinapereka mu 2018 ndipo mpaka lero akuzungulira pa Great East Road. Chinanso, model ikuti galimoto yopita ku galaja kawirikawiri ndiyo imakhalitsa. Ndalakwitsa pati?

A Mwale

A Chisomo, mwawerenga zaka pa ziliza zokha, amoyo mwawasiya. Magalimoto 1,640 amene mwataya ndiwo anyamula uthenga waukulu. Axio imene yayenda miyezi 70 osafa ikutiuza kuti moyo wake ndi woposa miyezi 70. Tsiku lake lofera sitikulidziwa, koma tikudziwa kuti silinafike, ndipo chimenecho ndi deta. Galimoto yotere timati ndi censored. Mukaphunzitsa model ndi akufa okha, imaphunzira kuti galimoto iliyonse imafa msanga, chifukwa yolimba sinaionepo n'kamodzi komwe. Miyezi 13 ija ndi avereji ya amene anafa, basi.

Vutoli silithetsedwa ndi regression wamba, likufuna survival analysis, masamu owerengera nthawi imene chinthu chimakhala chisanafe. Konzani tebulo motere: mzere umodzi, galimoto imodzi. Kolamu ina ikhale miyezi kuchokera tsiku lopereka makiyi mpaka tsiku lomaliza limene mukudziwa za galimotoyo. Kolamu ina ikhale 1 ngati inafa pa tsikulo, 0 ngati inali yamoyo. Musanakhudze machine learning iliyonse jambulani Kaplan-Meier, njira ya 1958 imene mpaka lero madokotala amawerengera odwala. Mu Python ili mu laibulale ya lifelines.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tiyerekeze mwapereka magalimoto 100. Chaka choyamba afa 5, ndiye opulumuka ndi 0.95. Mwa 95 otsalawo, 35 angokwanitsa kumene chaka, sanalowe m'chaka chachiwiri. Otsala pangozi ndi 60, ndipo 6 afa, ndiye 0.90. Mwayi wofika miyezi 24 ndi 0.95 kuchulukitsa ndi 0.90, zomwe ndi 0.855. Munthu wongowerenga akufa 11 pa 100 anganene 0.89, n'kudzinamiza, chifukwa wawerengera 35 aja ngati anadutsa chaka chimene sanachiyambe n'komwe.

Za ku galaja zija ndi leakage. Galimoto imene yakhala zaka zisanu yapita ku service kambirimbiri chifukwa choti yakhala zaka zisanu. Mwaipatsa model yankho kudzera pakhomo la kuseri, n'chifukwa chake R² yakwera chonchi. Lamulo ndi limodzi: kolamu iliyonse ikhale chinthu chimene munkachidziwa m'mawa wa tsiku lopereka makiyi. Onaninso makilomita anuwo. Ngati ndi amene analembedwa komaliza, osati a tsiku logula, nawonso achotseni.

A Zulu

Za XGBoost sindilowererapo, ine ndi wa sipanala. Koma mawu akuti "yatha" ndiwo andiimitsa. Muno galimoto siifa kamodzi. Injini ya 1NZ ikagogoda, mwini amagula ina ya second hand, masiku atatu galimoto ili pamsewu. Imeneyo yatha kapena sinathe? Ina yagundidwa pa Kafue Road injini ili bwinobwino, m'buku alemba yatha. Ina yabedwa, alembanso yatha. Zitatuzi sizifanana, ndipo compression ya injini singakuuzeni kanthu za wakuba.

Ine ndikanati galimoto yafa tsiku loyamba limene chimodzi cha izi chachitika: injini yatsitsidwa kuti isinthidwe kapena ipangidwe overhaul, giya bokosi yasinthidwa, batire yaikulu ya hybrid yasinthidwa, kapena galimoto yagona pa galaja masiku oposa 30 chifukwa cha vuto la makina. Apo ndi pamene dalaivala wa taxi amathyoka msana. Ma shock, ma bush, ma ball joint, ma CV joint, zimenezo musaziwerenge. Ndi chakudya cha msewu wa ku Kanyama ndi ku Chawama, galimoto iliyonse imadya.

Ndipo musadalire kolamu ya "yatha" yokha. Tsegulani ma invoice a ku galaja. Mupeza magalimoto olembedwa amoyo koma akuyendera injini yachiwiri.

Chisomo

Zikomo nonse. Makilomita analidi omaliza, ndachotsa. Ndagawanso 260 aja: 148 ndi vuto la makina, 71 ngozi, 19 obedwa, 22 sizikudziwika. A Zulu munanena zoona, m'ma invoice ndapeza ena 37 amene anasinthidwa injini kapena giya bokosi koma akuoneka amoyo. Ndiye akufa enieni ndi 185.

Kaplan-Meier ndajambula, koma pali chodabwitsa. Magalimoto a 2017 ndi 2018 akuoneka olimba koopsa, palibe ngakhale imodzi yofa m'miyezi yoyambirira. A 2019 kupita mtsogolo ndiwo akufa. Kodi ku Japan anayamba kutumiza zoola?

A Mwale

Ndikukayika. Funsani kuti mabuku analowa liti m'kompyuta, ndipo analowetsa ati.

Chisomo

January 2019. Analowetsa ma akaunti amene anali otsegula pa nthawiyo. Otsekedwa anatsala m'mafayilo a mapepala.

A Mwale

Ndi pomwepo. Galimoto ya 2017 kuti ipezeke m'kompyuta mwanu inayenera kupulumuka mpaka January 2019. Zofooka za chaka chimenecho zinafa zisanalembedwe, mwatsala ndi zolimba zokha. Dzina lake ndi left truncation, ndipo ndi m'bale wake wa vuto loyamba lija, kungoti ili likukokera mbali ina.

Njira yabwino ndi kutuma munthu akalowetse mafayilo a mapepalawo, ngakhale atatha sabata ziwiri. Zikakanika, uzani model tsiku limene galimoto iliyonse inayamba kuoneka. Yoperekedwa mu March 2018 inalowa m'kaundula pa mwezi wake wa 10, ndiye isawerengedwe m'gulu la otsala pangozi pa mwezi wa 1 mpaka wa 9. Mu KaplanMeierFitter mumagwiritsa ntchito entry, mu CoxPHFitter, ya model ya Cox imene imayeza zinthu zofulumizitsa kufa, ndi entry_col. Magalimoto a 2019 kupita mtsogolo entry yawo ndi 0.

Tsopano za ngozi ndi kuba. Galimoto yophwanyika pa mwezi wa 8 siingadzafenso ndi giya bokosi. Mukailemba 0 ngati censored wamba, Kaplan-Meier imaitenga ngati idakali kwinakwake ikuyenda ndipo ingafe mawa, ndiye chiwerengero cha ofa ndi makina chimakwera kuposa choona. Pofuna kudziwa chimene chimafulumizitsa kufa kwa makina, kuwalemba 0 mu Cox kulibe vuto. Koma pofuna nambala yopatsa abwana, yoti mwa magalimoto 100 otere angati adzafa ndi makina isanakwane miyezi 24, tengani Aalen-Johansen, imene imawerengera njira zonse zotulukira. Lembani 0 wamoyo, 1 makina, 2 ngozi, 3 kuba. Abwana mwina adzafunanso nambala ya zonse pamodzi, poti kwa iwo galimoto yosalipira ndi yosalipira, koma ziwiri zomalizazo ndi nkhani ya inshuwalansi ndi khalidwe la dalaivala.

22 osadziwika aja musawataye. Imbani foni kwa madalaivala kapena ku galaja.

A Zulu

A Mwale, pali gulu lina limene mwalilemba 0 koma ine ndikulikayikira. Ogulitsidwa. Dalaivala wa taxi sagulitsa galimoto imene ikumudyetsa. Akafulumira kumaliza ngongole n'kuigulitsa, kawirikawiri wamva kanthu: giya bokosi yayamba kulira ikatentha, kapena madzi akuchepa m'radiator popanda podontha. Chimodzimodzi amene amangobweza makiyi okha osakangana. Galimoto imeneyo yatuluka m'buku mwanu ili yamoyo, koma yakafera m'manja mwa wina pakapita miyezi iwiri.

A Mwale

Bambo Zulu mwagunda pamene masamu sangadzikonze okha. Njira zonse ndatchulazi zimaganiza kuti galimoto yotuluka m'kaundula ili ndi tsogolo lofanana ndi zotsalamo. Ngati zotuluka ndi zodwala, model idzalonjeza moyo wautali kuposa woona. A Chisomo, chitani ziwiri. Yendetsani kawerengedwe kawiri, koyamba ogulitsidwa mwadzidzidzi ndi obwezedwa akhale 0, kachiwiri akhale 1. Choonadi chili pakati. Mpata ukakhala waung'ono, pitirirani. Ukakhala waukulu, sankhani 50 mwa iwo mwachisawawa, muwafufuze mmodzimmodzi. Obwezedwawo ndi osavuta poti anabwerera pa yadi panu ndipo makaniko anawaona.

Mayi Sakala

Ndilowepo pa mapepala, poti makolamu awiri amene mukuwadalira, chaka ndi makilomita, ndi amene amanama kwambiri.

Chaka choyamba. Auction sheet ya ku Japan imalemba chaka m'kawerengedwe ka mafumu awo. H20 si 2020, ndi Heisei 20, kutanthauza 2008. Pa Heisei mumawonjezera 1988, pa Reiwa mumawonjezera 2018, ndiye R1 ndi 2019. Kalaliki akangolemba 20 kapena 22 mu Excel, Vitz ya 2008 imasanduka ya 2020. Yesani motere: gawani magalimoto ndi model code, muone chaka chochepa ndi chachikulu pa gulu lililonse. NZE121 ya 2019 kulibe. Komanso chaka cha pa pepalalo ndi cha kulembetsa koyamba, osati cha kupangidwa, ndiye nthawi zina zimasiyana pang'ono.

Model code yomweyo ndiyo muike m'malo mwa dzina la galimoto. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan alibe VIN ya zilembo 17, ali ndi chassis number, ndipo mbali yakutsogolo kwa kamzere ndiyo imanena zenizeni. "Allion" ndi dzina chabe: NZT260 ili ndi 1NZ-FE ya 1.5, ZRT260 ili ndi 1.8. "Vitz" KSP90 ndi 1KR-FE ya masilinda atatu, SCP90 ndi 2SZ-FE ya anayi. Axio NZE141 ya automatic ndi CVT, giya bokosi ya lamba yopanda magiya owerengeka, pamene Corolla NZE121 ya automatic ndi giya bokosi wamba ya magiya anayi. Kuchokera pa code mupange makolamu awiri, injini ndi mtundu wa giya bokosi. Kalembedwe ka mayina m'mabuku a makalaliki musakakhulupirire, mupeza Alion, Allion ndi Aliyoni ngati magalimoto atatu.

Makilomita tsopano. Export certificate imaonetsa zimene mita inkawerenga pa shaken, kuyeza kwa boma kumene galimoto ya munthu imachita ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo pambali pake pali masiku. Ndandalikani manambala motsatira nthawi: a shaken, a pa auction sheet, a pa chiphaso choyeza galimoto isanakwere sitima, ndi a pa dashboard tsiku lofika pa yadi. Ayenera kumangokwera. Yoyendetsedwa kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde iwonjezere pafupifupi makilomita 2,000, yobwera pa carrier isasinthe kwenikweni. Nambala ikatsika penapake, mita inabwezedwa. Musayese kuganizira nambala yoona. Ikani kolamu ina ya "mita yokayikitsa", 1 kapena 0, model idziwerengere yokha. Ya galimoto yopanda mapepala n'komwe ikhale gulu lachitatu.

Grade musaitenge ngati nambala yosalala. R ndi RA ndi galimoto yokonzedwa itachita ngozi, si "yochepera 3". Ndipo 4 wa nyumba ina ya auction sangafanane ndendende ndi 4 wa nyumba ina.

Pomaliza, musanatumize fayilo kwa aliyense wa ife, chotsani mayina, manambala a NRC ndi a foni. Data Protection Act ya 2021 ilipo.

Dalitso

Amayi Sakala anena zonse za mapepala, ine ndiwonjezere za scanner. Ambiri amalemba kolamu ya "ma code angati" ndipo imatuluka 0 pafupifupi pa galimoto iliyonse, chifukwa wogulitsa amafufuta m'mawa womwewo. Chothandiza si code, ndi umboni woti afufuta. Werengani PID 31, makilomita amene galimoto yayenda chifufutireni ma code. Ikanena 6 km pa galimoto yoti yachokera ku Nakonde, pali chimene chabisidwa, kapena batire inachotsedwa. Onaninso readiness monitors, zizindikiro zoti kompyuta ya galimoto yamaliza kudziyesa: ya catalyst ndi ya oxygen sensor zikakhala sizinamalize, kompyuta ya galimoto yangoyambanso kumene. Zikatero iyendetseni makilomita 30 kapena 50, mu tauni ndi pa msewu wautali, muwerengenso.

Lembaninso long term fuel trim, mlingo umene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta, injini itatentha, ili pa idle. Ikapitirira 10 peresenti pali mpweya wolowa mwakuba, kapena MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, yada, kapena pampu ya mafuta yafooka. Pa Aqua ndi Prius musadikire code ya P0A80 ya batire yaikulu ya hybrid, imeneyo imabwera batire itatha kale. Onani kusiyana kwa voltage pakati pa block yokwera ndi yotsika galimoto ikukoka, mulembe nambalayo. Aqua ili ndi ma module 20, Prius ya ZVW30 ili ndi 28. Tsegulaninso fan yoziziritsa batire, fumbi la muno limaitseka.

Chenjezo limodzi: magalimoto ena akale a msika wa ku Japan salankhula ndi ka scanner kotchipa ka ELM327. Scanner ikakana, lembani kuti "sinawerengeke", osati 0. Ziro ndi yankho, kusawerengeka si yankho, ndipo model siingasiyanitse mukazilemba mofanana.

A Zulu

Dalitso wanena za magetsi, ine ndinene zimene zimaphadi injini muno, chifukwa pa mndandanda wa a Chisomo palibepo ngakhale chimodzi. Injini zambiri sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi kutentha tsiku limodzi.

Pa fomu yoyeza muike izi. Thermostat ilimo kapena inachotsedwa. Anthu amaichotsa poganiza kuti athetsa kutentha, koma kuchotsako ndi chizindikiro choti galimoto inatenthapo, ndipo injini yoyenda yozizira nthawi zonse imadya mafuta ambiri ndi kutha msanga. M'radiator muli coolant kapena madzi a pampopi, ndipo pakamwa pake pali dzimbiri kapena ayi. Fan ikuyaka yokha pa nthawi yake kapena anailumikiza direct. Block test: mankhwala abuluu aja akasanduka achikasu, utsi ukulowa m'madzi, gasket yapita. Compression ya silinda iliyonse, injini yotentha, throttle yotsegula, ndipo mulembe manambala onse, osangoti "ili bwino". Pa injini za petulo za Toyota kusiyana pakati pa masilinda kusapitirire 100 kPa. Tsegulani chotsekera oyilo muone ngati muli phala lakuda.

CVT ndiyo nkhani ina. Imafuna mafuta akeake, Toyota ndi TC kapena FE malinga ndi chaka, Nissan ndi NS-2 kapena NS-3. Wina akathiramo ATF wamba poti ndi yotchipa, lamba wachitsulo amayamba kuterera pa ma pulley, ndipo zikayamba sizibwerera. Poyeza onani mtundu ndi fungo la mafuta, muyendetse mpaka itenthe, muimike pa chitunda n'kunyamuka pang'onopang'ono. Ikanjenjemera kapena kulira ngati mluzu, lembani. Yozizira CVT iliyonse imaoneka yaulemu.

Ngati muli ndi ma Hilux a 2KD, injini imeneyo ndi ya timing belt ya makilomita 150,000, pamene 1NZ ndi ya tcheni. Pa mita yobwezedwa lamba amaduka mwini akuganiza kuti nthawi idakalipo.

Ndipo ntchito imene galimoto ikukagwira ikhale kolamu. Ya Yango yoima m'mizere ya pa Lumumba Road tsiku lonse AC ili yoyaka, ya maulendo a ku Chipata, ndi ya munthu wopita ku ofesi ndi kubwerako, sizikalamba mofanana. Zimenezo mumazidziwa tsiku losaina. Dera la dalaivala musalichotse, lili ndi ntchito: kumene madzi amasefukira nthawi ya dzinja injini zimamwa madzi kudzera pa air cleaner.

Chisomo

Fomu yathu yakale ili ndi compression ndi mtundu wa mafuta a giya bokosi kuyambira 2020, zina zonsezo palibe. Ndayesa kuika compression mu Cox, ikuoneka yopanda mphamvu. A Zulu, ndikhulupirire inu kapena kompyuta? Ndipo a Mwale, kodi ndibwerere ku XGBoost? Ndaona ili ndi survival:cox ndi survival:aft.

A Mwale

Khulupirirani a Zulu, ndipo chifukwa chake n'chamasamu. Galimoto ya compression yoipa makaniko wanu anaikana pa geti, sinalowe m'deta. Mwatsala ndi zabwino zokhazokha, ndiye model siikuona kusiyana. Wina akadzaona zimenezi n'kunena kuti tisiye kuyeza compression, mudzayamba kugula zimene munkakana. Model yanu ikuyankha funso lopapatiza: mwa magalimoto amene adutsa kwa makaniko, ati ali pangozi yaikulu. Isalowe m'malo mwa makaniko. Kuyambira lero lembaninso okanidwa ndi chifukwa chake.

Za XGBoost, werengani akufa, osati mizere. Muli ndi 185, si 1,900. Lamulo lakale la pa Cox limati akufa pafupifupi 10 pa coefficient iliyonse, nambala imene model imapeza ya chinthu chimodzi, ndiye muli ndi malo a 18 basi, ndipo kolamu ya magulu asanu imadya malo anayi. Ine ndingayambe ndi izi: zaka za galimoto, makilomita a tsiku logula, mita yokayikitsa, banja la injini m'magulu anayi kapena asanu, giya bokosi, R kapena ayi, ntchito yake, ndi dera logawidwa pawiri, losefukira ndi losasefukira. Mitundu imene muli nayo isanu kapena khumi iphatikizeni m'gulu la "ena". Ikani penalizer, choletsa ma coefficient kukula mopitirira, ikhale yaing'ono, monga 0.05 kapena 0.1. Cox ndi ya 1972 koma pa deta yochepa chonchi imavuta kuigonjetsa, ndipo abwana mungawafotokozere hazard ratio: 1.8 ndiye kuti mwezi uliwonse ngozi yofa ndi yokwera ndi 80 peresenti poyerekeza ndi gulu linalo.

Mukatero yendetsani check_assumptions. Cox imaganiza kuti kusiyana kwa magulu sikusintha ndi nthawi. Ndikuyembekeza kuti giya bokosi ikana, chifukwa CVT ingakhale chete chaka choyamba n'kudzayamba kugwa mafuta akale atatopa. Ikakana, iikeni mu strata, kuti mtundu uliwonse wa giya bokosi uwerengedwe pawokha. Yesaninso Weibull, model ina ya survival, pa gulu lililonse muone nambala yake ya shape. Ikaposa 1, magalimoto akufa ndi kutha, ndipo ngozi yofa ikukula ndi nthawi. Ikachepera 1, akufa koyambirira, kutanthauza kuti anabwera odwala kale ndipo vuto lili pa kuyeza kwa pa geti.

Pambuyo pake ndiye muyese random survival forest ya mu scikit-survival kapena XGBoost ya AFT, yolosera kutalika kwa moyo mwachindunji, ngati opikisana ndi Cox. Pa AFT galimoto yamoyo mumaipatsa malire apansi a miyezi imene yakhala, apamwamba infinity. Ikapambana ndi 0.01 yokha, khalani pa Cox.

Kuyesa kwake musagawe mwachisawawa. Phunzitsani ndi operekedwa mpaka December 2021, yesani ndi a 2022 kupita mtsogolo, chifukwa ndi mmene idzagwirire ntchito: zakale kulosera zatsopano. R² iiwaleni. Onani C-index, imene imafunsa kuti mwa magalimoto awiri, kodi imene model inati ili pangozi yaikulu ndiyo inayamba kufa. 0.5 ndi kuponya ndalama m'mwamba. Mukapeza 0.9 pa deta yotereyi, bwererani mukafufuze leakage ina. Koma C-index imangoyeza kandandalikidwe. Pa ngongole chofunika ndi calibration: gawani magalimoto oyeserawo m'magulu anayi malinga ndi zimene model inalosera, muyerekeze ndi zimene zinachitikadi pa mwezi wa 24 m'gulu lililonse. Model ikati 15 pa 100 ndipo afa 30, ndalama zatayika ngakhale mndandanda uli wolondola.

Dalitso

Nanga deta ya tracker? Makilomita a mwezi uliwonse ndi maola a idle alipo kale m'magalimoto a ngongole.

A Mwale

Mu model ya tsiku losaina isalowe, ndi leakage yomwe ija. Ipangireni model yachiwiri. Tengani magalimoto onse amene ali amoyo pa mwezi wa 6, muwapatse makilomita ndi ma service a miyezi 6 yoyambayo, mulosere miyezi 18 yotsala. Imeneyo ndi yosankhira amene muwaitane ku galaja. Kumeneko kolamu ya service ibwerere, koma ngati makilomita apakati pa service ndi service, osati kuchuluka kwa maulendo.

Chisomo

Ndabweranso. Mafayilo a mapepala alowa, ndipo 2017 ndi 2018 tsopano zikufanana ndi zaka zina. Zaka zolakwika za Heisei ndapeza 43. Cox ya makolamu asanu ndi atatu yapereka C-index ya 0.69 pa a 2022 kupita mtsogolo, forest 0.70, ndiye ndakhala pa Cox. Giya bokosi inakanadi check_assumptions, ili mu strata. Zamphamvu kwambiri ndi mita yokayikitsa ndi ntchito ya taxi, makilomita okha ali m'munsi. Calibration ili bwino m'magulu atatu, koma m'gulu la pangozi yaikulu model ikuchepetsa akufa. Kulemba ogulitsidwa 0 kapena 1 kukusuntha nambala ya miyezi 24 ndi mapointi 6, ndiye 50 aja tayamba kuwaimbira. Kwa abwana ndapereka magulu atatu a ngozi yofa ndi malire ake, osati nambala ya miyezi pa galimoto iliyonse. Fomu yatsopano ili ndi zonse za a Zulu ndi Dalitso.

A Mwale

Gulu lapamwambalo musalikonze ndi dzanja, onani kaye kuti muli akufa angati. Akakhala ochepera 20, malire ake ndi otakata ndipo mwina palibe cholakwika. Makolamu a fomu yatsopano musawaike mu model mpaka atasonkhanitsa akufa awoawo, mwina chaka ndi theka kuchokera pano.

A Zulu

Pa fomupo musasiye malo oti makaniko alembe "OK". Pa thermostat pakhale mabokosi atatu, ilimo, mulibe, sindinatsegule. Mukasiya awiri, wotopa madzulo adzachonga "ilimo" asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe.